Samutsani nyumba, dimba musalikhudze

Ikangofika Novembala misonkhano imayamba. Bwana DC, aphungu, a mabungwe ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amafika m'midzi ya m'mbali mwa Shire, mipando n'kuyalidwa pansi pa mtengo, ndipo uthenga umakhala womwe uja: samukirani kumtunda. Anthu amawomba m'manja, Agogo Chalo amathokoza alendo, magalimoto n'kubwerera. Januwale kapena Malichi madzi amabwera, anthu amathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo pofika Epulo, matope asanaume n'komwe, amakhala atabwerera kumene adachoka. Apo ndiye a m'tauni amayamba kulankhula pa wailesi ndi pa Facebook kuti anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi ankhutukumve, adazolowera zolandira, amachita kudikira madzi kuti apeze bulangete ndi ndowa.

Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akutidyera ndalama ndi miyoyo. Munthu wa kuchigwa cha Shire sabwerera kudambo chifukwa chokonda nyumba ya zidina imene imagwa chaka ndi chaka. Chimene chimamubweza ndi dimba. Tikapitiriza kumuuza kuti asiye zonse ziwiri, nyumba ndi dimba, adzatiyankha mwaulemu n'kukhala pomwepo. Chofunika kusamuka ndi pogona. Munda ukhale pomwe uli, ndipo mwini wake atsimikiziridwe ndi pepala kuti ndi wakebe.

Za kuopsa kwa madzi palibe chokanganirana. Mu Januwale 2015 boma lidalengeza kuti m'maboma 15 mwagwa ngozi, anthu pafupifupi 230,000 adasowa pokhala, ndipo dera la Makhanga lidasanduka chilumba mtsinje wa Ruo utasiya njira yake. Namondwe Idai adabwera mu Malichi 2019. Namondwe Ana adabwera mu Januwale 2022 n'kugumula damu la Kapichira, dziko lonse n'kulowa mu mdima. Freddy mu Malichi 2023 adasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera. Choipa cha madzi a kuchigwa n'chakuti mvula yake siigwa pamene akupha. Imagwa ku Mulanje, ku Thyolo, ku Blantyre, ku Mwanza ndi ku Neno, n'kutsika ndi Ruo, Mwanza, Likhubula ndi timitsinje ta m'mapiri a Thyolo. Munthu ku Nsanje akhoza kugona kumwamba kuli nyenyezi, n'kudzuka pakati pa usiku mphasa ikuyandama. Geti ya ku Liwonde imangoletsa madzi ochokera kunyanja; mitsinje yonseyi imalowa mu Shire kumunsi kwake ndipo palibe woigwira. Mwana ndi nkhalamba sayenera kugona pamalo otere m'nyengo ya dzinja. Pamenepa boma likunena zoona.

Koma tiyeni tione mmene banja la kuchigwa limadyera. Kuyambira makolo, Amang'anja ndi Asena amalima minda ya mitundu iwiri. Kumphala, komwe ndi kumtunda kodalira mvula, amadzala mapira, mchewere, thonje ndi chitowe, ena n'kuyesako chimanga. Mvula ya kuchigwa ndi yochepa, zaka zambiri siipitirira mamilimita 800, imayamba mochedwa, imadula pakati, ndipo dzuwa limafika madigiri 40. Ng'amba ya masabata atatu mu Januwale, chimanga chitangotulutsa ngayaye, ndi yokwanira kuti munda wonse usanduke chakudya cha ng'ombe. Mapira amapirira, koma mbalame zimafuna gawo lake. Thonje, lomwe kale linkamanga nyumba za malata ku Ngabu, lero limadya mankhwala ambiri ndipo mtengo wake mlimi amauuzidwa ndi ogula. Wodalira mphala yekha amakolola bwino mwa apo ndi apo.

Dimba ndi nkhani ina. Madzi akayamba kuphwa, kuyambira Epulo, alimi amatsata chinyontho. Amayamba kudzala pamalo okwererapo amene ayamba kuuma, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono kulondola madzi, mpaka Julaye kapena Ogasiti akudzalabe m'munsi. Mapando amakumbidwa akuya kuti mbewu ikhale pa dothi lonyowa, ndipo chinyontho chikamathawa ena amathirira ndi keni, ena ndi thiredo pampu, opezako bwino ndi pampu ya sola. Chimanga chocha msanga chimakhala chitakhwima pa miyezi itatu kapena inayi. M'katikati mwake mumakhala nyemba ndi maungu, ndipo mbatata imadzalidwa pamalo a mchenga pang'ono. Matope amene madzi asiya ndiwo feteleza. Pamene thumba la feteleza lafika pamtengo woti mlimi wamba sangaligule, munda umene umadzithira wokha chonde chaka chilichonse si chinthu choti munthu angachisiye chifukwa cha msonkhano umodzi. Chimanga chachiwisi chimene chimaotchedwa m'misewu ya Blantyre m'chilimwe, mbatata imene imadzaza misika ya Nchalo, Bangula ndi Nsanje, zambiri zimachokera m'madimba omwewa. Onjezani mlamba ndi makakana a m'dambo la Elephant Marsh, msipu wa ng'ombe nthawi imene kumtunda kwauma gwa, bango la mphasa, ndi nyika imene anthu amakazula m'madzi njala ikafika povuta. Chaka cha chilala ndi dimba limene limapulumutsa ngakhale a kumphala, chifukwa amatsikira komweko kukagwira ganyu yolipidwa chakudya.

Tsono amene amati anthu amabwerera chifukwa cha thandizo awerengetse bwino. Thandizo la nyengo ya njala kawirikawiri limakhala thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 pa banja pamwezi, kwa miyezi yowerengeka, ndipo si banja lililonse limene dzina limatuluka. Moyo wa pamsasa ndi wogona anthu makumi m'kalasi imodzi, amuna kwina akazi kwina, chimbudzi chimodzi cha pamzere, kolera ili pakhomo. Palibe bambo wanzeru amene angaike ana ake pangozi chifukwa cha zimenezo. Akamberembere olembetsa mayina kawiri alipo, monga aliri paliponse pamene pakugawidwa zinthu, koma iwowo si amene akudzaza madambo.

Dera la Mfumu Nyachikadza ku Nsanje, m'dambo la Ndindi, ndi umboni wokwanira. Kuyambira madzi a 1997 boma lakhala likunena kuti malowo sayenera kukhalako anthu, ndipo chitukuko cha boma sichifikako ngati mmene chimafikira madera ena. Kufikako ndi pa bwato. Papita zaka zoposa 25, anthu akadali komweko, ndipo zokolola zawo ndi zimene zimadyetsa a kumtunda. Kuwamana sukulu ndi chipatala sikudawasamutse. Kudangochititsa kuti mayi woyembekezera aziwoloka madzi a ng'ona popita kukachira.

Nanga pamene anthu avomera kusamuka, chimalakwika n'chiyani? Zolakwika zake n'zodziwika ndipo zimabwerezedwa.

Malo okasamukirako amakhala ndi eni ake. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 560,000 ku Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje, ndipo gawo lalikulu la malo abwino lili m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi m'nkhalango zotetezedwa za Lengwe, Majete ndi Mwabvi. Kumtunda kulibe thengo lopanda mwini. Mfumu yolandira alendo imavomera pamaso pa akuluakulu, koma mabanja amene minda yawo yadulidwa mapuloti amakhala sadalipidwe, kapena ndalama yathera m'manja mwa munthu mmodzi. Pakatha chaka amayamba kulima mpaka pakhomo pa mlendo, mbuzi ya mlendo ikalowa m'munda mlandu wake n'kukhala waukulu, ndipo mawu akuti obwera amayamba kumveka pamjigo. Munthu wopanda pepala la puloti samanga nyumba ya njerwa zowotcha pamalo amene mawa angamuthamangitse. Amamanga kachisakasa, mtima uli kwawo.

Madzi akumwa ndi vuto lachiwiri, ndipo kuchigwa ndi lalikulu kuposa mmene a ku Lilongwe amaganizira. Malo ambiri madzi a pansi ndi amchere. Mjigo umakumbidwa, umatsegulidwa ndi nyimbo, koma madzi ake sathetsa ludzu, sopo sachita thovu, nyemba sizipsa. Amayi amausiya n'kumayenda ulendo wautali kukatunga kumtsinje, ndipo posakhalitsa amafunsa chimene akuvutikira kumtunda pamene madzi ali kumene adachoka. Muyezo wa boma ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250 ndipo usatalikire mamita 500. Mudzi wa mabanja 200 ukufunika mijigo inayi, osati umodzi. Ndipo kuyeza madzi kumayenera kuchitika malo asanagulidwe. Nthawi zambiri zimachitika mobwerera: malo agulidwa, anthu asamuka, kenako wokumba mjigo ndi amene akudzatulukira kuti pansi pali mchere.

Kenako mtunda. Dimba limafuna mwini wake tsiku ndi tsiku: kupalira, kuthirira, kuyang'ana ntchemberezandonda mu nsonga za chimanga, kuthamangitsa ng'ombe masana ndi mvuu usiku. Mvuu imodzi ikhoza kumaliza ndime yonse usiku umodzi. Munthu amayenda makilomita anayi kapena asanu pa ola. Mudzi watsopano ukakhala pa mtunda wa ola limodzi, banja limatha kupita m'mamawa n'kubwerako dzuwa lisanawawe. Ukakhala pa makilomita 15, bambo amamanga msasa kudimba, mayi amatsatira kuti azimuphikira ndi kulima, ana aang'ono amatsatira mayi, ndipo pakutha pa zaka ziwiri msasa uja wasanduka nyumba, ya kumtunda ija mukugona mbuzi. Palibe amene wachita mwano. Mtunda ndi umene wagamula.

Pali zinanso zimene sizilembedwa m'malipoti. Nyakwawa ikasamuka ndi anthu ake kukakhala pa nthaka ya mfumu ina, ufumu wake umatsala pati? Idzaweruza milandu ya ndani, idzagawa malo ati? Mafumu ambiri amene amaoneka ngati akukakamira kudambo akuopa kusanduka anthu wamba m'mudzi wa mnzawo, ndipo mfumu ikakhala, anthu ake amakhala. Manda nawo ndi nkhani. Mudzi wopanda manda ake si mudzi, ndipo kupempha malo oika maliro kwa eni dera nthawi iliyonse ndi chinthu chochotsa ulemu. Izi zikhoza kuoneka zazing'ono kwa wopanga bajeti, koma zimathetsedwa ndi kukambirana kwa masiku ochepa ndi kalata ya Mfumu Yaikulu yotsimikiza kuti nyakwawa yosamukayo ikhalabe ndi anthu ake ndi kaundula wake, ndiponso kuti pamalo atsopanopo papatulidwa manda.

Chachikulu pa zonse ndi mantha otaya dimba. Pachikhalidwe chathu munda umatetezedwa ndi kuulima ndi kukhala pafupi nawo. Malire a kudimba ndi bango, mtengo kapena kamzere ka nthochi, ndipo madzi akadutsa zonsezi zimafafanizika. Shire mwiniwake amadya gombe lina n'kukasiya nthaka yatsopano tsidya linalo. Amene wafika msanga madzi ataphwa ndi amene amaloza malire. Ndiye chifukwa chake anthu amathamangira kubwerera matope asanaume. Wochedwa pamsasa amakapeza ndime yake wina wadzalamo kale, kapena yabwereketsedwa kwa munthu wa ndalama wochokera pa Nchalo.

Apa ndi pamene lamulo likhoza kugwira ntchito imene misonkhano yalephera. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake kudzera m'komiti ya malo ya kwa gulupu, imene wapampando wake ndi gulupuyo ndipo mwa mamembala ena asanu ndi mmodzi, atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi. Kusamutsa anthu kuyambire pamenepo. Asanakhome chikhomo chilichonse kumtunda, madimba a mudzi wonse ayezedwe ndi makina olozera malo a GPS m'chilimwe, eni ake ndi oyandikana nawo ali pomwepo, n'kulembedwa. Manambala a GPS madzi sakokolola. Banja likhale ndi mapepala awiri, la dimba ndi la puloti ya kumtunda, ndipo pakhale mawu omveka akuti kusamuka sikuchotsa umwini wa dimba. Dzina lolembedwa papepala lisamalidwe. Kwa Amang'anja malo amatsata kuchikazi, kwa Asena amatsata kuchimuna, ndipo m'midzi yambiri mitundu iwiriyi idakwatirana. Kalaliki wongofunsa kuti mutu wa banja ndani akhoza kulanda mayi wa Chimang'anja munda wa amayi ake n'kuupatsa mkamwini, kapena kusiya mayi wamasiye wa Chisena panja alamu ake atatenga zonse. Kulemba mayina a onse awiri, ndi kufunsa mbumba poyera, kumatseka mpata umenewu.

Zikatha izi ndiye kufunafuna malo, ndipo muyezo wake ukhale wapafupi: pamene madzi a 2015 ndi a Freddy sadafike, pasanapitirire ulendo wa ola limodzi kapena limodzi ndi theka kuchoka kudimba, pamene mjigo woyesera watulutsa madzi okoma. Akuluakulu a m'mudzi amadziwa pamene madzi adalekeza chaka chilichonse, ndipo zizindikiro zikadalipo pa mitengo ndi pa makoma a sukulu. Azifunsidwanso za makwawa akale amene adauma, chifukwa madzi saiwala khwawa, ndipo midzi ina yosamutsidwa yakapezeka itamangidwa panjira ya madzi otsika m'mapiri, kuthawa Shire n'kukakumana ndi mtsinje wa mchenga umene umadzaza pa ola limodzi. Eni malo alipidwe aliyense payekha, poyera, ndipo mjigo, sukulu ndi chipatala cha ana zikhale za onse, eni ndi alendo. Mudzi wolandira ukaona kuti alendo abwera ndi madzi ndi makalasi atsopano, mawu akuti obwera amachepa.

Pa nyumba, ndalama zisamathere pa malata. Nyumba ya kuchigwa imagwa kuchokera pansi: zidina zikamwa madzi zimasungunuka, khoma n'kukhala pansi, denga lili bwinobwino. Ngati simenti ndi yochepa, ipite ku maziko. Maziko akwezedwe kufika m'mawondo ndi njerwa zowotcha zomangidwa ndi simenti, payalidwe pepala la pulasitiki pamwamba pake kuti chinyontho chisakwere, khonde likhale lotambalala kuti mvula isamenye khoma, ndipo kuzungulira nyumba kukhale ngalande. Pamwamba pa maziko otere ngakhale zidina zimakhala zaka. Puloti ikhale yokwanira khola la mbuzi la m'mwamba, khola la ng'ombe ndi chimbudzi, chifukwa kuchigwa chuma chili pa ziweto, ndipo munthu amagona pamene pagona ng'ombe zake. Zokolola ndi mbewu zizisungidwa kumtunda. Banja limene lapulumutsa mbewu ya chimanga, nyemba ndi kholowa wodzala limabwerera pa khasu madzi akangophwa, osadikira wina aliyense.

Wina anena kuti mukawalola kusunga dimba adzamangako misasa ndipo tidzabwerera pomwe tidayambira. Misasa adzamangadi, ndipo amange. Kuyambira Epulo mpaka Novembala kugona kudimba kulibe ngozi ya madzi. Chofunika ndi lamulo la m'mudzi, lokhazikitsidwa ndi mafumu ndi anthu awo, lakuti msasa ndi wa udzu ndi mitengo basi, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi ana, nkhalamba, odwala ndi amayi oyembekezera sagona kudambo. Olondera mpunga kapena ziweto m'dzinja akhale amuna ochepa osinthana, bwato lili pafupi, foni ili ndi moto. Makomiti a m'midzi oona za ngozi alipo kale, ndipo m'mitsinje ina mudaikidwa mitengo yoyezera madzi yopakidwa mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yofiira, kuti a kumtunda aziimbira foni a kumunsi. Dongosololi limagwa pa tinthu tating'ono: woyang'anira alibe mayunitsi, batire ya chimkuzamawu idatha, mtengo woyezera udapita ndi madzi a chaka chatha ndipo palibe adaubwezeretsa. Ndalama yokonzera zimenezi mu Okutobala ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya ndege yopulumutsa anthu pa mitengo mu Malichi. Lamulo lotere anthu akhoza kulisunga chifukwa silikuwalanda chakudya, ndipo mfumu ikhoza kulilimbikitsa popanda kudana ndi anthu ake.

Zoona, si paliponse pamene njirayi ingatheke. Pali madimba amene madzi adawakwirira ndi mchenga wofika m'chiuno, oti sangalimidwenso posachedwa. Pali zilumba za mkati mwa dambo zimene mtunda wouma uli kutali kwambiri. Mabanja a kumeneko akufunika kusamuka kwathunthu, ndipo kusamuka kwathunthu kumatanthauza kupatsidwa munda wolima wokhala ndi madzi, osati puloti ya nyumba yokha. Kupatsa mlimi mamita ochepa omangapo nyumba n'kumuuza kuti wathandizidwa ndi kumusandutsa waganyu.

Chimene chingachepetsedi chikoka cha dimba ndi madzi kufika kumphala. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira kulowera ku Bangula, cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000, ndipo alimi akusonkhanitsa minda yawo m'makopaletivi, malo awo atalembetsedwa. Izi zikusonyeza kuti kuyeza ndi kulembetsa minda ya anthu wamba kuchigwa n'kotheka boma likafuna. Mabanja osamutsidwa a m'dera la ngalandeyi ayenera kuganiziridwa pamene magawo akugawidwa, apo ayi madzi adzadutsa pakhomo pawo kupita m'minda ya eni nthaka okha. Koma ngalandeyi ili kuzambwe kwa Shire ndipo ikuthera ku Bangula. A ku East Bank, tsidya la kuvuma la Shire, kwa Mlolo, ku Makhanga ndi ku Muona, komanso a kummwera kwa Nsanje mpaka ku Marka, siikuwafika, chonsecho ndi kumene madzi amavuta kwambiri. Kumeneko ntchito ndi kukonza masikimu amene alipo kale monga wa Muona ndi wa Nkhate, amene ngalande zake zimadzaza mchenga madzi akadutsa, ndi kulumikizanso Bangula ndi Chiromo, pamene njira idaduka mu 1997 ndipo anthu akhala akuwoloka pa bwato. Kufikira zimenezo zitachitika, banja la ku East Bank lidzadya za kudimba, ndipo ndondomeko iliyonse yosamutsa anthu iyambe ndi kuyeza dimbalo chilimwe chino, malire akuonekabe.